Kalata yotseguka kwa akuluakulu oyang'anira kagulidwe ka katundu wa asilikali athu

Kwa Nduna ya Zachitetezo, Mkulu wa Asilikali a dziko la Malawi, ndi aphungu a komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo,

Olemekezeka,

Ndikulemba kuchokera kuno ku Kasungu, ndipo pempho langa ndi limodzi. Musanasainire kontirakiti ina iliyonse yogulira asilikali katundu, pazikhala munthu amene watsegula mabuku a zaka zapitazo n'kuona kuti chinthu chomwecho tinachigula kwa ndani, pa mtengo wanji, chinafika liti, ndipo chinagwira ntchito nthawi yaitali bwanji chisanafe. Manambala amenewa muli nawo kale. Ali m'mabuku a ku sitolo za m'mabaraki, m'makadi a amakaniko, m'mabuku a madalaivala olembamo mafuta ndi makilomita, m'mafailo a ku ofesi yolipira. Chosowa n'chakuti aikidwe pamodzi mu kompyuta, asanthulidwe, ndipo wogula aziwaona ndalama isanatuluke.

Ine si msilikali. Ntchito yanga ndi yosunga mabuku a kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza, ndipo mwana wa mchemwali wanga amavala yunifolomu yanu. Za mfuti sindilowererapo. Koma za matumba, masikelo, malisiti ndi mitengo, pamenepo ndingayankhule, ndipo gawo lalikulu la zimene gulu la asilikali limagula ndi zimenezo: ufa, nyemba, jombo, mabulangete, matayala, dizilo, mankhwala.

Mu 2013 tonse tinaphunzira mawu akuti Cashgate. Akatswiri a kampani ya Baker Tilly atafufuza miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala chaka chimenecho, anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasokonekera. Zina zinalipiridwa kwa makampani omwe sanapereke kanthu, zina zinalibe chikalata chilichonse chozichitira umboni, zina zinapita pa mitengo yokwezedwa dala, ndipo malipiro ena mwa amene anafunsidwa anali a katundu wa asilikali. Akubawo ankalowetsa malipiro mu makina a boma a IFMIS, cheke n'kutuluka, kenako n'kufufuta zomwe analembazo. Ofufuza aja sanagwiritse ntchito ula. Anatenga macheke omwe anasinthidwa ku banki n'kuwayerekeza ndi zomwe zinatsala m'makinamo, ndipo pomwe panali cheke chopanda chiyambi chake anaikapo chizindikiro. Ntchito imeneyo kompyuta ikhoza kumaigwira usiku uliwonse anthu ali mtulo. Ife tinaigwira ndalama zitasanduka kale nyumba ndi magalimoto.

Mu Juni 2022, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza mtundu wa Amalawi zomwe zinali mu lipoti la bungwe la ACB: kuti pakati pa 2017 ndi 2021, apolisi ndi asilikali anapereka makontirakiti 16 a ndalama zoposa madola 150 miliyoni kwa makampani asanu a munthu mmodzi, a Zuneth Sattar. Anapereka chitsanzo cha galimoto yaikulu yomwe pamsika imagulidwa madola 200,000 koma boma linaigula pa madola oposa 1.7 miliyoni. Wolakwa ndani ndi wosalakwa ndani, zimenezo n'za makhoti, sindiziweruza pano. Ine ndikungoona manambalawo ngati wosunga mabuku. Mtengo wochuluka kasanu ndi katatu kuposa wa pamsika sufuna katswiri wochokera kunja kuti auone. Makampani asanu a mwini mmodzi akanaonekera tsiku lomwelo pakanakhala kuti mndandanda wa opikisana pa tenda umayerekezedwa ndi kaundula wa makampani, pomwe pamalembedwa maina a eni ake ndi ma adiresi awo. Zaka zinayi zinadutsa.

Bwerani ku Chinkhoma nthawi ya msika wa fodya mudzaone. Belo lililonse limalowa ndi tikiti yake: nambala ya mlimi, kulemera kwake, giredi, mtengo womwe lagulidwa, kampani yomwe yagula. Mlimi wa ku Chamama amalandira pepala losonyeza zonse zomwe zadulidwa, msonkho, thiransipoti, ngongole ya feteleza, mpaka senti yomaliza. Akakayikira amapita ndi nambala ya belo ndipo amalipeza. Ngati belo la fodya la makilogalamu 100 limatha kulondolozedwa chotero kuchoka pa shedi mpaka ku banki, nanga galimoto yankhondo ya madola zikwi mazanamazana ilepherenji kukhala ndi mbiri yake, yoti aliyense woyenera atha kuitsegula n'kuona?

Poyambira ndi pa mtengo. Chinthu chilichonse chomwe mwagula chikhale ndi mbiri ya mitengo yake, ndipo pambali pake pakhale mtengo wa pamsika wa mwezi womwewo. Mitengo ya pamsika sichinsinsi. Unduna wa Zamalimidwe umatolera mitengo ya mbewu m'misika, ofesi ya NSO ku Zomba imatulutsa za kukwera kwa mitengo mwezi ndi mwezi, bungwe la MERA limalengeza mtengo wa mafuta. Kotesheni ya nyemba ikabwera yokwera kuposa mtengo wa pamsika kuphatikiza thiransipoti ndi phindu loyenera, makina aziyatsa nyali yofiira, ndipo wofuna kupitiriza alembe chifukwa chake ndi dzina lake. Pali nyimbo yomwe ogulitsa onse amaimba masiku ano, yoti dola yakwera. N'zoona kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pa matayala ndi masipeya ochokera kunja, kukwerako kumamveka ndipo kungawerengeredwe. Koma nyemba zolimidwa ku Santhe sizinakwere ndege. Amene ali ndi manambala m'manja amatha kusiyanitsa gawo lomwe lakwera chifukwa cha dola ndi gawo lomwe lakwera chifukwa cha dyera. Amene alibe amangogwedeza mutu n'kusaina.

Ndinene chilungamo kumbali ya ogulitsanso. Ambiri amakweza mtengo chifukwa amadziwa kuti boma limalipira mochedwa, ndipo ngongole ya ku banki imakhala ikubala chiwongoladzanja iwo akudikira. Ichinso chimayezeka. Werengani masiku ochoka pomwe katundu walandiridwa kufika pomwe ndalama yalowa, kampani ndi kampani. Mudzaona kuti kuchedwako kukukudyerani ndalama zingati. Mudzaonanso china chochititsa chidwi: kuti ndani amalipidwa sabata yomweyo pomwe anzake akutha chaka akuyendera cheke. Kopaletivi ngati yathu singapirire chaka. N'chifukwa chake alimi timagulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira, iwo n'kukagulitsa kwa wina wa kontirakiti, ndipo nyemba zomwezo zikamafika m'mbale ya msilikali zimakhala zitadutsa m'manja atatu, aliyense atanyemapo.

Pali zizindikiro zina zomwe aliyense amene wagwirapo ntchito yogula amazidziwa koma sazitchula mokweza. Makotesheni atatu ochokera ku makampani atatu, koma onse alakwitsa kalembedwe ka mawu amodzimodzi pa mzere womwewo, ndipo nambala ya foni ya pansi pa pepala ikusiyana ndi dijiti imodzi. Katundu mmodzi wogawidwa m'maoda anayi ang'onoang'ono sabata imodzi, iliyonse yoperewera pang'ono pa malire omwe akanafuna tenda ya poyera kapena chilolezo cha PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma. Makampani omwe amapambana mosinthana, lero uyu mawa uyo, olepherawo akungoperekeza mwambo. Kampani yolembetsedwa mwezi watha yomwe yapata kale kontirakiti ya mamiliyoni. Munthu mmodzi woona failo imodzi sangazione zimenezi, chifukwa failo iliyonse payokha imaoneka yoyera. Zimaonekera mafailo chikwi akaikidwa pamodzi. Ku South Korea bungwe loona za mpikisano pa malonda lakhala likugwiritsa ntchito makina otchedwa BRIAS kuyambira 2006, omwe amapatsa tenda iliyonse yaikulu malikisi molingana ndi zizindikiro zotere, kuti ofufuza adziwe koyambira. Makinawo saweruza munthu. Amangoloza chala kuti apa pafunika kufunsa.

Koma sindikufuna kuti kalatayi imveke ngati ya akuba okhaokha, chifukwa chomwe chimandiwawa kwambiri si chomwe tinagula modula ayi, ndi chomwe sitinagule n'komwe.

Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo tinataya Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu, kuphatikizapo asilikali atatu omwe ankaiyendetsa. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany omwe anafufuza ngoziyo analemba kuti ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa ngakhale osunga za kayendedwe kake. Analembanso kuti kachipangizo komwe kamayenera kulira kuti ndege yogwa ipezeke msanga sikankagwira ntchito, chifukwa batire lake linatha mphamvu mu 2004. Sindikunena kuti batirelo ndilo linagwetsa ndege. Ofufuza analoza ku nyengo yoipa ndi zina za ulendo wa tsikulo. Koma ndege inapezeka tsiku lotsatira, asilikali anzawo atafufuza m'nkhungu ndi m'chisanu, dziko lonse lili maso. Kuchoka 2004 kufika 2024 ndi zaka 20. Pa zaka zimenezo bajeti zinadutsa, makontirakiti a mamiliyoni a madola anasainidwa. Deti lotha mphamvu la batire ndi nambala chabe, yolembedwa pa chizindikiro chomata. Pakanakhala mndandanda umodzi wa zipangizo zonse zokhala ndi deti lotha ntchito, wotuluka mwezi uliwonse pa tebulo la amene amagawa ndalama, wofiira pomwe deti ladutsa, mzere umenewo ukanaoneka wofiira kwa nduna zingati ndi akuluakulu a asilikali angati? Mwina wina akanaunyalanyazabe. Koma akanaunyalanyaza akuuona, dzina lake lili pamenepo.

Apa ndi pomwe kusanthula manambala kumathandiza koposa, pa kusankha chogula. Kadi la makaniko limanena zoona zomwe kabuku kotsatsa malonda sikanena. Galimoto ya mtundu uti imakhala masiku ambiri pa miyala kudikira sipeya? Ndi sipeya iti imafa kawirikawiri, ndipo imatenga miyezi ingati kuti ifike? Jombo za kampani iti zimang'ambika dzinja limodzi lisanathe? Mtengo weniweni wa galimoto si womwe uli pa invoisi tsiku logula. Muonjezerepo mafuta, masipeya, maphunziro a amakaniko, ndi masiku omwe yakhala osayenda pa moyo wake wonse. Mukawerengera chotero, yotchipa ija kawirikawiri imapezeka kuti ndiyo yodula. Mphatso nazo zili ndi mtengo wake: dziko lina likapereka magalimoto a mtundu womwe sitinakhale nawo, ndiye kuti tiyamba kusunga masipeya a mtundu winanso. Sindikuti muzikana mphatso, koma muzidziwa kuti mwalandira ngongole yanji.

Nkhaniyi imakhudzanso ndalama zolowa. Asilikali athu akhala ali ku DRC pansi pa United Nations kuyambira kale, ndipo mu 2013 analowa m'gulu lapadera lolimbana ndi zigawenga pamodzi ndi a South Africa ndi Tanzania. Mu Novembala 2018 tinataya asilikali asanu ndi mmodzi kufupi ndi Beni. Bungwe la United Nations limabwezera dziko ndalama pa zipangizo zomwe gulu lake labwera nazo, koma limayendera zipangizozo pafupipafupi, ndipo galimoto yopezeka yakufa siilipiridwa. Kotero sipeya yochedwa kuitanitsidwa imatiluzitsa ndalama zakunja zomwe dziko lino likuzisowa, ndipo choposa apo imasiya mwana wa munthu ali m'nkhalango ya eni ndi galimoto yosadalirika. Chimodzimodzi pa ngozi za kuno kwathu. Namondwe wa Freddy atakantha chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, tinadalira ndege za anzathu a ku Tanzania ndi Zambia kuti tifikire anthu omwe misewu yawo inaduka. Kawerengedwe ka ntchito zomwe asilikali aitanidwira pa zaka khumi zapitazi, kupulumutsa anthu pa madzi osefukira, kumanga milatho yadzidzidzi, kulondera nkhalango ndi malire, kuyenera kukhala patebulo pamene mukusankha pakati pa mabwato, helikopita ndi zida zina. Zimene timagula zizifanana ndi ntchito yomwe imabweradi.

Ndikudziwa yankho lomwe limabwera nkhani ikafika apa: chitetezo cha dziko, zachinsinsi. Ndikuvomera kuti pali zomwe sitiyenera kuziona ife anthu wamba. Kuchuluka kwa zipolopolo, mtundu wa mawailesi olumikizirana, malo osungira zida, zimenezo bisani ndithu, ndipo lamulo la Access to Information lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020 limalola kutero. Koma mtengo wa thumba la ufa ungathandize mdani uti? Dziko la Ukraine linali pakati pa nkhondo yeniyeni mu Januwale 2023 pamene mtolankhani wina anaulula kuti unduna wa zachitetezo unasaina kontirakiti yogula mazira pa 17 hryvnia (ndalama ya kumeneko) limodzi, pomwe m'masitolo a ku Kyiv linali pa 7. Wachiwiri kwa nduna anatula pansi udindo, ndipo aphungu anakhazikitsa lamulo loti mitengo ya katundu wa asilikali yemwe si zida izionetsedwa poyera kudzera mu makina awo a Prozorro. Mizinga ikugwa, iwo anaona kuti kubisa mtengo wa dzira kunkafooketsa asilikali awo, osati kuwateteza. Ife tili pa mtendere. Gawani katundu m'magulu awiri. Wa tsiku ndi tsiku adutse mu makina a PPDA ogulira katundu pa intaneti monga wa maunduna ena onse. Wachinsinsi asanthulidwe chimodzimodzi koma m'chipinda chotseka, pamaso pa mkulu wolondoloza ndalama za boma ndi aphungu ochepa olumbiritsidwa. Chinsinsi chizikhala chobisira mdani. Wolondoloza ndalama si mdani.

Tsono chenjezo, chifukwa ndikuopa kuti kalata ngati ino ingabale tenda ina. Wina adzabwera ndi suti yabwino n'kunena kuti ali ndi makina a madola mamiliyoni omwe adzathetse zonsezi, ndipo popeza ndi zachitetezo, agulidwe kwa iye yekha popanda mpikisano. Kenako maphunziro a sabata ziwiri ku nyanja, maalawansi, zikwama zolembedwa dzina la pulojekiti, basi nkhani yathera pomwepo. Musatero chonde. IFMIS inali kompyuta, ndipo ndalama zinabedwa kudzera momwemo. Unduna wa zachitetezo wa ku America, ndi makompyuta ake onse, wakhala ukulephera kupambana kafukufuku wa mabuku ake chaka chilichonse kuyambira 2018, ndipo mu 2024 ofufuza ake anapeza kuti timabotolo toikamo sopo m'ndege za C-17 tinagulidwa pa mtengo wochuluka pafupifupi ka 80 kuposa wa pamsika. Makina sachotsa dyera. Komabe onani kuti iwo anazipeza, n'kuzilemba, n'kuzitulutsa poyera, chifukwa panali manambala oyerekezera ndi ofesi yokhala ndi mphamvu yofunsa.

Ntchito yoyamba ndi yotopetsa ndipo ilibe ulemerero. Chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi ndi nambala imodzi m'mabaraki onse, kuyambira Kamuzu, Cobbe, Moyale mpaka Chilumba. M'mabuku athu a kopaletivi ndinapezapo feteleza mmodzi atalembedwa m'njira zinayi ndi makalaliki osiyana, ndipo pophatikiza ankaoneka ngati katundu wosiyanasiyana. Mpaka titagwirizana kalembedwe kamodzi, panalibe chomwe tikanayerekeza. Maiko a NATO anathana ndi vutoli popatsa chinthu chilichonse nambala ya madijiti 13, kuyambira bawuti mpaka injini. Ifenso tingayambe ndi katundu mazana angapo amene amadya ndalama zambiri. Chachiwiri, chomwe chalowa mu makina chisamafufutike. Wolakwitsa azikonza polemba mzere wina, ndipo makina azisunga dzina lake ndi nthawi. Anthu ogwira ntchitoyi alipo. Chaka chilichonse MUBAS, MUST, Mzuni ndi Yunivesite ya Malawi zimatulutsa achinyamata odziwa masamu ndi makompyuta omwe akungoyenda ndi maenvulopu m'tauni, ndipo ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima mungaphunzitse maofisala achichepere kuwerenga manambala monga amaphunzirira kuwerenga mapu.

Chovuta kwambiri si makina koma mwambo wa usilikali womwe, umene pa nkhondo ndi wofunika. Kaputeni sangauze jenerali kuti bwana, mtengo uwu sukumveka. Akayesa, mwina mawa lake adzapezeka atasamutsidwira kutali. Choncho gulu losanthula manambala lisakhale pansi pa amene amagula. Lipoti lake lizipita nthawi imodzi kwa Mkulu wa Asilikali, kwa mlembi wamkulu mu unduna, ndi kwa mkulu wolondoloza ndalama za boma, kuti pasakhale munthu mmodzi wotha kulitsekera mu dirowa. Ndipo kopolo wa ku sitolo amene wakana kusainira kuti walandira matumba 500 pomwe atsitsa 400 akhale ndi kothawira. Manambala onse omwe ndatchulawa amayambira pa cholembera cha kopolo ameneyo. Akanama iye chifukwa cha mantha, kompyuta idzangokonza bodzalo kuti lioneke bwino.

Ngati mukufuna poyesera, yambani konkuno. Asilikali a zomangamanga ali ku Kasungu, ndipo ntchito yawo ndi yosavuta kuyeza: makina aliwonse ali ndi maola omwe agwira ntchito, malita a dizilo omwe amwa, masipeya omwe asinthidwa, ndi makilomita a msewu omwe akonzedwa. Lembani zimenezi mokhulupirika kwa chaka chimodzi, muziyerekeze ndi zomwe zinagulidwa ndi kulipiridwa, muone zomwe zituluke. Zikathandiza, pitani nazo ku ndege ndi ku mabwato a ku Monkey Bay.

Kwa inu aphungu a komiti, bajeti ya zachitetezo ikadzabweranso pamaso panu, musadzangofunsa kuti ndalama zakwera kapena zatsika ndi zingati. Dzapempheni mapepala atatu: mitengo yomwe asilikali analipira chaka chathachi pa katundu 20 wodya ndalama zambiri, pambali pake pali mitengo ya pamsika, maina a makampani khumi omwe analandira ndalama zochuluka pamodzi ndi eni ake enieni, ndi mndandanda wa zipangizo zopulumutsa moyo, za m'ndege, m'mabwato ndi m'zipatala za asilikali, zomwe deti lake linadutsa koma sizinasinthidwe. Akakuuzani kuti mapepalawo palibe, lembani zimenezo mu lipoti lanu ndipo muwapatse tsiku loti abwere nawo.

Ine wanu,
Wosunga mabuku a kopaletivi ya alimi
Kasungu